Matope a Dedza ndi Ntcheu akukwirira paki ya kunyanja

Lamulo lomwe lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980 lidaika malire a m'madzi pa mamita 100 kuchokera pamtunda. M'kati mwa mamita amenewo, kuzungulira mapiri a kwa Nankumba ndi zilumba 13 za pakiyo, munthu saloledwa kukoka khoka, kutchera matchera, ngakhale kuponya mbedza. Ukangopyola pamenepo, nyanja ndi ya asodzi. Pa malo onse a paki, omwe ndi masikweya kilomita 94, madzi amangotenga pafupifupi 7 okha, m'nyanja yotalika makilomita oposa 560. Paki imeneyi ndi yomwe bungwe la UNESCO lidailemba mu 1984 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha tinsomba ta mawangamawanga totchedwa mbuna.

Ndikulemba izi ndili ku Dedza, kumtunda kozizira, komwe ambiri a ife nyanja timangoionera patali tikamatsika Khwekhwelele, ndipo mbuna sitinaionepo n'kamodzi komwe. Wina atha kufunsa kuti za paki ya ku Mangochi zikutikhudza pati ife alimi a kachewere ndi kabichi. Zikutikhudza chifukwa pakiyo ikuonongekera kwathu kuno, m'minda mwathu ndi m'misika mwathu. Oiyang'anira akapitiriza kulondera m'mphepete mwa madzi mokha, osakweza maso kuona komwe madziwo akuchokera, tsiku lina adzapezeka akulondera miyala yopanda nsomba.

Mtsinje wa Linthipe umatolera madzi ake m'mapiri a Dedza, umalandira Diamphwe ndi Lilongwe panjira, n'kukathira m'nyanja ku Salima, kufupi ndi zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zilumba zitatuzi zili m'paki. Chakumwera, Livulezi, Namikokwe ndi Nadzipulu imatsetsereka m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, Bwanje amadutsa m'chigwa chake, ndipo madzi onsewa amathera mbali ya nyanja yomwe tsidya lake ndi mapiri a kwa Nankumba, komwe kuli mudzi wa Msaka. Amene wawolokapo milatho ya mitsinje imeneyi mu Januwale kapena Febuluwale akudziwa zomwe zimadutsa pansi pake. Sakhala madzi ayi, limakhala dothi loyenda. Dothi limenelo ndi la m'minda yomwe tidalima mpaka pansonga ya phiri, la m'madimba momwe khasu tidalifikitsa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi la m'nkhalango zomwe tidazisandutsa matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa M1 ndi M5.

Kuti timvetse zomwe dothili limakachita kumeneko, tiyenera kuidziwa mbuna. Nsomba imeneyi siyendayenda. Imabadwira pamiyala, imadya ndere zomera pamiyalapo, imaswerana pomwepo, ndipo mchenga kapena madzi akuya zimaitchinga kuti isawolokere pa chilumba china. N'chifukwa chake chilumba chilichonse, nthawi zina ngakhale mulu umodzi wa miyala, chimakhala ndi mtundu wakewake wosapezeka kwina kulikonse padziko. Mitundu ya mbuna ndi yoposa 350. Yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, motero siikira mazira zikwizikwi monga zichitira nsomba zina. Imaswa ana ochepa n'kuwalera. Tsono matope akafika amaphimba miyala ndi kutchinga dzuwa, ndere zimafa, nsomba n'kusowa chakudya ndi pobisala. Pali chinanso chobisika. Yaikazi imasankha yaimuna poyang'ana maonekedwe ake, kaya ndi yabuluu, yachikasu kapena yamizeremizere. Ku Lake Victoria akatswiri adapeza kuti madzi akada, nsomba za banja limeneli zimalephera kuzindikirana, zimayamba kuswana chisawawa, mitundu yosiyana n'kusanduka umodzi wotuwa. Msodzi wakuba amaopa a gemu akaona boti lawo likubwera. Matope a Linthipe alibe amene angawagwire n'kupita nawo kupolisi ku Monkey Bay.

Kuononga kwathu kwina kumadzera m'mbale ya ndiwo. Pitani pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Chimbiya tsiku la msika, mukaone milu ya usipa wofutsa, bonya, utaka wouma ndi nsomba zowamba. Galimoto zotsika ndi kachewere ndi tomato zimakwera ndi mitanga ya nsomba. Palibe choipa pamenepo. Malonda a pakati pa kumtunda ndi kunyanja ndi akale kuposa boma, ndipo pakhomo posauka usipa ndiye nyama yake. Koma tiyang'anitsitse zomwe timagula. Pamulu pomwepo pamakhala kasawala, ana a chambo osaposa chala, ogwidwa ndi makoka osokerera neti ya udzudzu pakati. Sitifunsa. Timangoti, "Muikeponso basela, mayi." Ndipo nsomba yowamba iliyonse idadya nkhuni, zomwe kwa wowamba wa ku Msaka kapena ku Chembe zapafupi kwambiri ndi za m'phiri la paki lomwe lili kuseri kwa nyumba yake.

Mu 2018 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Amene amakumbukira za ku Malombe kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, chambo chitazimiririka m'nyanja yomwe idali nkhokwe yake, sadadabwe. Ku Chembe nakonso anthu adaona china. Nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a m'mphepete, nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka, matendawo n'kukula pakati pa ana a m'mudzimo ndi alendo omwe. Nsomba yomwe pamsika siikopa munthu idali ikugwira ntchito ya chipatala popanda malipiro, ndipo anthu adaidziwa ntchitoyo itasowa.

Alipo ena, makamaka okonda zachilengedwe a m'tauni, amene amati gwero la mavuto onse ndi midzi isanu yomwe idasiyidwa m'kati mwa paki: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Amati anthu achuluka, nkhuni zikutha, bwenzi atasamutsidwa kale. Kuti anthu achuluka n'zoona, koma zowasamutsa ndikukana. Kusiya midzi imeneyi pamalo pake chidali chinthu chanzeru koposa chomwe okhazikitsa paki adachita. Ku Nyika, paki itakulitsidwa mu 1978, anthu adachotsedwa n'kusiya manda a makolo awo, ndipo chilonda chake sichinapole mpaka lero. Munthu amene mwamulanda malo sasanduka mlonda wanu. Amasanduka wakuba wodziwa njira zonse, ndiponso wosamva kulakwa mumtima.

Enanso amaloza ku Majete, yomwe bungwe losamalira mapaki la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2003, ndi ku Liwonde ndi Nkhotakota zomwe lidatenga mu 2015. Amati onani, mpanda wamagetsi ndi asilikali olipidwa bwino zabwezeretsa njovu, zipembere ndi mikango. Bwanji osachita chimodzimodzi kunyanja? Zomwe zachitika ku Majete ndimazilemekeza. Koma njovu imaona waya n'kubwerera. M'nyanja simungazike mpanda, ndipo chomwe chikupha mbuna sichilowera pachipata. Ngakhale pakiyi itapatsidwa kwa kampani yolemera chotani, mvula ya ku Bembeke idzatsikabe ndi nthaka yake. Paki ya m'mphepete mwa nyanja ndi yosiyana ndi paki ya njovu: moyo wake uli m'manja mwa anthu ambirimbiri omwe sadzapondamo phazi, ndipo anthu otere suwalamulira ndi mfuti.

Nanga amamvera chiyani? Yankho lake lili pafupi, ku Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, pa chilumba cha Mbenje. Chilumbachi sichili m'paki. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amachitseka mvula ikayamba, cha mu Disembala, n'kudzachitsegula cha mu Epulo pamwambo wothira nsembe kwa mizimu ya makolo. Chikatsekedwa palibe msodzi amatsala. Chikatsegulidwa pali malamulo ake: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, maukonde oletsedwa ayi, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa pachilumbapo. Asodzi amachokera kutali kudzapha utaka kumeneko chifukwa umakhalako. Boma nalo limatseka nyanja chaka ndi chaka kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane, koma aliyense wa kunyanja akudziwa mmene makoka amatulukira usiku m'miyezi yomweyo. Lamulo ndi lofanana, nyanja ndi yomweyo, asodzi ndi amodzimodzi. Chasiyana ndi mwini lamulo. Ku Mbenje woweruza amakhala m'mudzi momwemo, amadziwa bambo ako ndi agogo ako, ndipo ukadzamwalira ndi iye adzaloze pokumba manda. Komanso phindu la kudikira silipita ku Lilongwe. Limabwera mu Epulo, m'bwato lako lomwe.

Ife a kumtunda sitiyenera kupita ku Salima kuti tikaphunzire zimenezi. Imani pamalo okwera paliponse kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu, muyang'ane m'midzi. Paliponse pomwe muone kankhalango kobiriwira ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yambee, dziwani kuti amenewo ndi manda. Palibe mlonda wa boma, palibe chikwangwani, palibe waya. Wootcha makala amene saopa kulowa m'nkhalango ya Chongoni kapena ya Mua-Livulezi masanasana amalambalala manda, nkhwangwa ili paphewa. Amadziwa kuti akangodulako mtengo popanda chilolezo cha mfumu, mlandu wake suthera pa mbuzi imodzi, ndipo kumene kuli dambwe nkhaniyo imakula koposa. Nkhalango za boma zili ndi malamulo olembedwa, omwe adakhwimitsidwanso mu 2020, koma zikutha. Nkhalango za akufa zilibe pepala lililonse, koma zilipo.

Tili nachonso chuma china chomwe UNESCO idachivomereza mu 2006: zojambula za pamiyala za ku Chongoni, malo 127 m'mapiri a Dedza. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe adakhala kuno Achewa asanabwere komanso limodzi nawo. Zoyera zambiri ndi za Achewa, zina za amayi pa chinamwali, zina za amuna a Nyau. Zidakhala zaka mazanamazana osafufutika chifukwa mapangawo adali ndi eni ake, ndipo mwana sankangolowamo mwachisawawa. Lero pitani ku Chentcherere, mukaone maina a anyamata olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambulazo. M'kuona kwanga, maina amenewo adayamba kulembedwa tsiku lomwe mudzi udaleka kunena kuti "phanga lathu" n'kuyamba kunena kuti "za boma izo". Zomwezo ndi zomwe zimachitika ndi phiri la paki ku Chembe.

Dziko lino lili ndi malo awiri otere omwe adalembedwa koyamba pa mndandanda wa UNESCO, limodzi pamwamba pa mapiri, lina pansi pake, ndipo madzi a kumtundaku ndi omwe amathera kumunsiko. Koma kayendetsedwe kake ndi kobalalika. Chongoni ili pansi pa nthambi ya zankhalango ndi nthambi yoona za zinthu zakale. Paki ili pansi pa nthambi yoona za nyama zakutchire. Madzi a kunja kwa malire ndi a nthambi ya zausodzi. Minda yotulutsa matope ndi ya unduna wa zaulimi. Pamwamba pa izi pali makhonsolo anayi: Dedza, Ntcheu, Salima ndi Mangochi. Aliyense ali ndi galimoto yake yosowa mafuta ndi lipoti lake la pachaka, ndipo palibe mmodzi amene ntchito yake ndi kutsatira dontho la mvula kuchokera pa Chongoni mpaka pa Maleri. Akuluakulu amakumana m'mahotela ku Salima n'kumvetsera malipoti a ena, kuiwala kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti zonse tingowasiyira mafumu. Ayi. Ena mwa mafumu omwewa ndi amene adagulitsa magombe kwa omanga nyumba zopumulirako, mpaka amayi a m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja amazungulira mipanda ya njerwa kuti akapeze potunga madzi ndi pochapa. Ena ndi eni makoka oletsedwa omwewo. Ku Mbenje komwe ndakutamandaku, mkazi saloledwa kuponda pachilumba, chikhalirecho ofutsa, owamba ndi ogulitsa nsomba ambiri ndi amayi, ndipo okatola nkhuni m'phiri la paki ndi chiphaso m'manja, omwe amakumana ndi a gemu maso ndi maso, ndi amayinso. Dongosolo lililonse lomwe limakambirana za nkhuni popanda mayi wosenza mtolo pabwalopo ndi lonama. Ndiponso pali zinthu zomwe mfumu singazithe. Singathamangitse chombo chachikulu chokoka ukonde pafupi ndi gombe usiku. Singadziwe yokha kuti nsomba yachilendo yalowa m'nyanja, monga idalowera Nile perch ku Lake Victoria m'zaka za m'ma 1950 n'kumaliza mitundu yambirimbiri ya nsomba za kumeneko. Ngakhale pa chilumba cha Thumbi West, m'paki momwemo, pali mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zomwe zidatayidwapo ndi ochita malonda a nsomba zoweta m'magalasi, ndipo adazizindikira ndi akatswiri. Boma, makhoti ndi ofufuza akufunika. Lamulo la nyama zakutchire lomwe lidakonzedwanso mu 2017, lokhala ndi chilango chofika zaka 30, likhalepo ndithu, koma ligwe pa akuluakulu a malonda oletsedwa, osati pa mnyamata wa mbedza imodzi. Chomwe ndikutsutsa ndi kaimidwe kake. Pakali pano boma lili patsogolo, mudzi ukuitanidwa kudzaombera m'manja. Mudzi ndiwo uyenera kukhala patsogolo, boma liime kumbuyo kwake ndi ndodo ya milandu yomwe mudzi walephera.

Papepala zimenezi zidavomerezedwa kale. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula njira yoti asodzi aziyendetsa nawo usodzi kudzera m'makomiti a m'madoko, aja timawatchula kuti ma BVC. Koma komiti yomwe ingalande ukonde lero, mawa n'kuuona wabwerera kwa mwini wake chifukwa wayimba foni kwa wina wake, siichedwa kufooka. Amakomiti ndi anthu ongodzipereka, odana ndi abale awo chifukwa cha nsomba zomwe phindu lake saliona. Mphamvu yopanda ndalama ndi yopanda chitetezo cha khoti imangokudanitsa ndi anansi.

Tikambe za ndalamazo tsono. Mwa ndalama zomwe paki imatolera, gawo limodzi mwa magawo anayi limayenera kubwerera kwa anthu ozungulira, ndipo ku paki ya kunyanjayi zimadzera ku bungwe la midzi ya ku Mangochi ndi Salima lotchedwa MASALAPA. Maganizo ake ndi abwino. Ndikadakonda kuti pachipata cha paki ndi pabwalo la mfumu ya mudzi uliwonse pakhale bolodi lolembapo mwezi ndi mwezi kuti alendo adalowa angati, ndalama zidatoleredwa zingati, ndipo za mudziwo zidagula chiyani. Msodzi amene mukumuuza kuti asaponye ukonde pa chilumba cha Domwe chifukwa mbuna imabweretsa alendo ali ndi ufulu woona ndi maso ake kuti mbunayo yamubweretsera chiyani iyeyo. Koma ngakhale ndalamazo zitayenda bwino chotani, sizikwera phiri. Mlimi wa kwa Ganya kapena wa kwa Kachindamoto amene angasiye kulima m'mphepete mwa mtsinje amataya dimba lomwe limamudyetsa m'chilimwe, ndipo wopindula ndi mwini malo ogona alendo ku Cape Maclear yemwe sadzamudziwa n'komwe. Kumupempha kuti achite zimenezi mwaulere, chifukwa chokonda dziko lake, ndi kumuseka.

Chinanso chomwe chimafooketsa lamulo ndi kuona kuti lili ndi maso. Mu 2011 boma lidapereka zilolezo zofufuza mafuta m'nyanja, UNESCO n'kudandaula. Zaka zapitazi kudabukanso mkangano pa thanki ya madzi yomwe idamangidwa paphiri la Nkhudzi, lomwe lili m'paki, mpaka nkhaniyo idafika kukhoti. Pa nkhani ya Nkhudzi mtima wanga uli ndi anthu ofuna madzi. N'zamanyazi kuti munthu wokhala m'mphepete mwa nyanja yaikulu chotere azimwa madzi oyambitsa kolera, ndipo amene adaona mliri wa 2022 ndi 2023 sangatsutse mpopi. Koma mayi wa nkhuni amene adalandidwapo chikwanje m'phiri la paki, ataona makina akuluakulu akusema msewu m'phiri la paki yomweyo, adaphunzirapo chinthu. Adaphunzira kuti malire amalimba kwa wosauka, kwa wamphamvu amapindika. Ntchito zotere zikafunika, ziyambe ndi kafukufuku wochitidwa poyera ndi kukambirana kwenikweni makina asanafike, ndipo zifukwa zake zifotokozedwe pabwalo m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Pa za chikhalidwe ndili ndi dandaulo lina. Mlendo akafika ku Cape Maclear, komwe kuli mudzi wa Chembe, amaonetsedwa manda a amishoni a Livingstonia omwe adafika pa sitima ya Ilala mu 1875. Amauzidwa za Dr William Black yemwe adamwalira mu 1877, ndi za malungo omwe adachititsa kuti mishoni isamukire ku Bandawe mu 1881. Amamva kuti dzina la malowo adalipereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear. Panjira amaima pa Mwala wa Mphini n'kujambula zithunzi. Zonsezi n'zoyenera kusungidwa, ndipo manda aja asamalidwe. Koma amishoniwo adakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi zokha, pomwe anthu a ku Chembe akhalapo mibadwo ndi mibadwo. Chikhalidwe chawo chili m'nyimbo zokokera khoka, m'luso losema bwato, m'maina a malo ophera nsomba omwe sali pa mapu, m'nzeru ya siginala, wolondolera asodzi pomwe pali nsomba, wodziwa kuwerenga mwera ndi mpoto, ndi kudziwa mwezi womwe mpasa imakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswa. Zimenezi sizili pa chikwangwani chilichonse, ndipo nkhalamba iliyonse ikamwalira imapita nazo. Koma ndi nzeru zomwezi zomwe zingauze woyang'anira paki kuti ndi pati pomwe nsomba zimaswera ndipo ndi liti pomwe pasafike ukonde.

M'malo mwake, chomwe timachitcha kuti chikhalidwe pamalo ogona alendo ndi kuvinitsa gule usiku pafupi ndi bala, alendo akumwa mowa. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO idamulemekeza mu 2005, ali ndi nthawi yake ndi bwalo lake: pamaliro, pa chinamwali, polonga ufumu. Kumuchotsa pamenepo n'kumusandutsa chisangalatso cha pambuyo pa chakudya chamadzulo ndi kumulanda mantha omwe amasunga manda aja obiriwira. Njira yabwino tili nayo kwathu konkuno ku Mua, komwe mishoni idayamba mu 1902, ndipo Bambo Claude Boucher adakhazikitsa KuNgoni mu 1976. Kumeneko miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao idasonkhanitsidwa pokhala pansi ndi eni ake kwa zaka zambiri, ndipo osema ziboliboli adapeza podyera. Asodzi a kwa Nankumba akuyenera malo otere, oyendetsedwa ndi iwo eni.

Alendo ambiri ochokera ku Lilongwe opita ku Cape Maclear amadzera kwathu. Amadutsa pafupi ndi Chongoni, amatsika Khwekhwelele, amakhota pa Golomoti, Mua ali chapafupi pomwepo, ndipo ambiri saima kupatula pogula tomato. Chiphaso chimodzi cholowera ku Chongoni ndi ku paki, chomwe gawo lake likadapita ku thumba losamalira mitsinje yothira m'nyanja, chikadayamba kumanga kumtunda ndi kumunsi pa chingwe chimodzi. Sindikunena kuti ndalama za pachipata zokha zingakwanire, n'zochepa. Koma ndalama zina zikutuluka kale. Pansi pa pulogalamu ya boma ya Mbwezera Chilengedwe anthu akulipidwa kukumba maswale, kukonza akalozera, kubzala vetiva ndi kutseka zigwembe. Funso ndi lakuti ntchitoyo ikugwiridwa pati. Makhonsolo a Dedza ndi Ntcheu atakhala pansi ndi oyang'anira paki n'kuyamba ndi timitsinje tomwe timatulutsa matope ambiri, ndalama yomweyo ikadagwira ntchito ziwiri: kusunga nthaka m'munda mwa mlimi, zomwe ndi phindu lake loyamba, ndi kuyeretsa madzi pa Maleri.

Pa komiti yoyendetsa paki pakhale mipando ya mafumu a kumtunda, a Kachindamoto, a Kaphuka, a Ganya ndi a Masasa, pambali pa a Nankumba ndi a Maganga, pakhalenso amayi owamba nsomba ndi otola nkhuni osankhidwa ndi anzawo, osati olozedwa ndi ofesi. Lipoti la pachaka la paki lisamangowerenga maukonde olandidwa ndi alendo olowa. Liziwerenganso kuda kwa madzi pamathiriro a Linthipe ndi Bwanje, mwezi ndi mwezi, chifukwa muyeso umenewo ndi womwe ungaonetse ngati mbuna ili ndi tsogolo, ndipo kuyeza kwake sikufuna makina odula.

Ogwira ntchito imeneyi sitikawafuna kutali. Sukulu yophunzitsa alangizi a zankhalango ndi osamalira nyama zakutchire, Malawi College of Forestry and Wildlife, ili ku Chongoni konkuno, m'dera lomwe madzi ake amathera mu Linthipe. Wophunzira aliyense asanalandire satifiketi yake ayende ndi mtsinjewo nthawi ya dzinja, kuyambira m'minda ya kwa Kaphuka mpaka pamathiriro kwa Maganga, agone m'midzi ya panjira, alembe pomwe madzi ayambira kufiira ndi dzina la nyakwawa ya pamenepo. Mapepala amenewo akaperekedwe kwa DC wa Dedza ndi kwa woyang'anira paki ku Cape Maclear tsiku limodzi, bajeti ya khonsolo isanakambidwe.